Tsekani njira za tizilombo pakhomo panu, kuyambira pamtsuko mpaka kukhola

Chaka china m'chilimwe mayi anga anabwera ndi tambala kuchokera kumsika. Anali tambala wamkulu, wotsika mtengo modabwitsa, ndipo madzulo omwewo anamulowetsa m'khola momwe munkagona nkhuku zathu zonse. Patadutsa masiku asanu, thadzi limodzi linayamba kuwodzera litagwetsa mapiko, kuja amati nkhuku yavala jekete. Kenaka zitosi zobiriwira, makosi opindika, ndipo pomatha sabata ziwiri m'khola munatsala nkhuku ziwiri zokha. Ena anati ndi mphepo ya chaka chimenecho, ena anati alipo watichitira nsanje. Za tambala uja palibe anatchula, pomwe ndiye anabwera ndi chitopa.

Kachilombo koyambitsa matenda kalibe mapiko. Kuti kachoke mwa wodwala n'kukafika mwa wina, kamafuna potulukira, chokanyamula, ndi polowera. Kamatulukira m'chimbudzi, m'makhololo, m'malovu, m'magazi, mumkaka kapena m'zitosi. Kamakwera madzi, manja, ntchentche, mpweya, mpeni, nsapato. Kamalowera pakamwa, pamphuno, m'maso kapena pabala. Mukadula chimodzi mwa zitatuzi, ulendo wake wathera pomwepo. Tiyeni tizungulire pakhomo, tione podula.

Choyamba: siyanitsani mabakiteriya ndi mavairasi

Mabakiteriya ndi tamoyo tokwana patokha. Amadya, amakula, n'kumadzigawa pawiri, ndipo amatha kuswana m'madzi, m'ndiwo zotsala kapena pabala. Pamalo ofunda ndi achinyezi, ena amagawikana mphindi 20 zilizonse, kotero kuti mmodzi yekha pakatha maola 7 amakhala atapitirira 2 miliyoni. Kolera, taifodi, chifuwa chachikulu cha TB ndi anthrax (matenda a ziweto ogwiranso anthu) amayamba ndi mabakiteriya.

Mavairasi ndi aang'ono kwambiri kuposa pamenepo ndipo sangaswane paokha. Amayenera kulowa m'kati mwa selo, kachigawo kakang'onong'ono ka thupi la munthu kapena la nyama, n'kulisandutsa chopangira mavairasi ena. Chimfine, chikuku, poliyo, chiwewe, HIV, chitopa cha nkhuku ndi chigodola cha nkhumba, onsewa ndi a mavairasi. Malungo sali m'magulu awiriwa, ali ndi kachilombo ka mtundu wina kobwera ndi udzudzu.

Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito pogula mankhwala. Makapasolo monga amoxicillin ndi mapiritsi a Bactrim amapha mabakiteriya okha. Kumwa amoxicillin chifukwa cha chimfine, kapena kusungunulira nkhuku za chitopa makapasolo m'madzi, sikukhudza vairasi ngakhale pang'ono. Chimene kumachita n'kuzoloweretsa mabakiteriya ena mankhwalawo, mwakuti tsiku limene mwana adzadwale chibayo mankhwala aja sadzagwiranso. Pa mavairasi ambiri, chida chenicheni ndi katemera wolandiridwa matenda asanafike.

Chachiwiri: tsatani madzi anu kuchokera kochokera mpaka pakamwa

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene tataya anthu ambiri posachedwapa. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo ya anamondwe a Ana ndi Gombe, sunathe ndi mvula monga tinazolowera. Unadutsa chilimwe chonse, unafika m'maboma onse a Malawi, unachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, ndipo unapha anthu opitirira 1,700.

Njira ya kolera ndi imodzi, ndipo ndiyenera kuitchula mosabisa: chimbudzi cha munthu wina chalowa m'kamwa mwanu. Taifodi, kamwazi ndi poliyo amayendanso momwemo. Choopsa n'chakuti ambiri amene ali ndi kachilombo ka kolera sadwala konse, koma amakatulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Choncho musamati pakhomo pano palibe wodwala, tili bwino.

Yambani ndi chimbudzi chenichenicho. Chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, ndiponso kumunsi kwake, kuti mvula ikagwa madzi asatsetserekere komwe mumatunga. Pabowo pakhale chivundikiro chokhala ndi chogwirira, chifukwa ntchentche imene yatuluka m'dzenjemo ndi yomweyo ikatere pansima. Ndipo chimbudzi cha mwana wakhanda chitayidwe m'chimbudzi momwemo, pamodzi ndi madzi ochapira matewera. Ambiri timati cha mwana sichidetsa. Mu 1854, kolera atavuta mumzinda wa London, dokotala John Snow anatsata maliro nyumba ndi nyumba n'kupeza kuti omwalirawo ankamwa pamjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu anachotsa chopopera cha mjigowo. Pambuyo pake zinadziwika kuti pafupi ndi chitsimecho panali dzenje lotayamo zonyansa, momwe ankakhuthuliramo madzi ochapira matewera a khanda lodwala.

Kenaka madzi akumwa. Ngati ndi amatope, adikheni kaye n'kuwasefa ndi kansalu koyera, pakuti klorini sagwira bwino m'madzi akuda. Thirani WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsata muyeso umene wakuuzani mlangiziyo kapena wolembedwa pabotolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mulibe, wiritsani mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu. Kufunditsa chabe n'kutaya nkhuni.

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Madzi amachoka pamjigo ali abwino, n'kudzaipira panjira kapena m'nyumba. Wina waika masamba pamwamba pa ndowa kuti madzi asatayike, wina wagwira m'mphepete zala zili m'madzi posenza, mwana wamwera kapu n'kuibwezeranso mumtsuko. Sungani madzi m'chigubu cha pakamwa pang'ono kapena m'ndowa ya mpopi. Ngati ndi mtsuko, ukhale wovundikira ndipo pakhale makapu awiri, ina yotungira yokha, ina yomwera.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Kolera amatha kupha munthu wamkulu wathanzi m'maola ochepa pomuumitsa thupi. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, m'lita imodziyo thirani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Azimwa pang'onopang'ono ali panjira yopita kuchipatala, ngakhale akusanza. Zovala ndi zofunda zake muziviike m'madzi a klorini, musakazichapire kumtsinje kapena pamjigo.

Zikavuta munthu n'kumwalira, ndikudziwa kuwawa kwake kuti mayi ako asambitsidwe ndi anthu achilendo ovala magolovesi. Koma thupi la womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tochuluka, ndipo manja osambitsa malirowo ndi omwe amakagwiranso chikombe cha nsima pasiwa. Lolani azaumoyo akonze thupilo, ndipo mwambo ukhale waufupi.

Chachitatu: manja ndi mbale

Kusamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira bambo mpaka mwana wotsiriza, n'kupatsirana litsiro mwaulemu. Thiriranani madzi, ndipo pakhale sopo. Sopo akasowa, phulusa liposa madzi okha. Pakhomo pa chimbudzi mangani mpondagiya: kachigubu, chingwe ndi kamtengo kopondera, basi. Nthawi zake ndi pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike, musanadye kapena kudyetsa mwana, ndiponso mukachoka kukhola.

Ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka zibwate, osati kungozifunditsa. Kumbukirani kuswana kwa mphindi 20 kuja. Mango ndi zipatso zina zitsukidwe ndi madzi otetezedwa, mbale ziume pathandala pomwe galu ndi nkhuku sizifika. Mpeni wodulira nkhuku yaiwisi usadulirenso tomato wodya wosaphika musanautsuke.

Chachinayi: mpweya wa m'nyumba

Wasayansi wa ku Germany Robert Koch anaonetsa kachilombo ka TB mu 1882, koma mpaka lero ena amapatulira wodwala mbale ndi kapu yake kwinaku akugona naye m'chipinda chotseka mazenera onse. TB siyenda pambale. Wodwala akatsokomola, timadontho tosaoneka timatsala tikuyandama m'chipindamo kwa nthawi yaitali, ena n'kumatipuma. Kachilombo ka chikuku nako kamatha kukhala mumpweya mpaka maola 2 wodwalayo atatuluka kale.

Tsegulani mazenera ndi zitseko masana kuti mphepo idutse ndi dzuwa lilowe. M'minibasi pemphani kuti windo litsegulidwe ngakhale kukuzizira. Wotsokomola atseke pakamwa ndi kansalu kapena ndi mkati mwa chigongono. Chifuwa chikafika sabata ziwiri, makamaka ngati munthu akutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, akapereke makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, amamwedwa miyezi 6, ndipo wodwala akayamba kumwa bwino amasiya msanga kupatsira ena. Ana a m'nyumbamo akayezedwenso. Katemera wa chikuku mwana amalandira pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndi amene makolo ambiri amaiwala.

Za magazi ndingonena mwachidule, poti zambiri mumazidziwa: lezala, singano ndi chotemera mphini zikhale za munthu mmodzi. HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsira pamenepo, monganso pogonana mosadziteteza.

Chachisanu: khola likhale ndi malire

Ndibwerere kwa tambala uja. Chiweto chilichonse chatsopano, chogula, chopatsidwa kapena chobwerako kumsika chitalephera kugulidwa, chikhale pachokha kaye. Nkhuku sabata zosachepera ziwiri, nkhumba mwezi wathunthu. Muzichipatsa chakudya pomalizira, mutatha kusamalira zinazo, ndipo chikhale ndi chomwera chakechake. Chiweto chimatha kuoneka chathanzi kachilombo kali kale m'thupi, ndipo wogulitsa motchipa nthawi zambiri amakhala akuthawa imfa imene yayamba m'khola mwake.

Chitopa, chimene ena amati chideru, chimayenda m'zitosi, m'mamina a nkhuku, m'nthenga ndi m'matumbo otayidwa paliponse. Nkhuku yodwala ikaphedwa n'kugawidwa kwa anansi, matumbo ake amakatoledwa ndi nkhuku za kumeneko, mudzi wonse n'kutha. Kwirirani zakufa mozama kapena zitentheni. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira anapiye mpaka zazikulu, miyezi 4 iliyonse. Perekani nkhuku zili bwino, nyengo yotentha isanafike, pakuti katemera sachiza yodwala kale ndipo amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti ayambe kuteteza. Kabotoloko musakaike padzuwa. Ndi bwino kugwirizana mudzi wonse tsiku limodzi, chifukwa nkhuku zachikuda sizidziwa malire a pakhomo.

Chigodola cha nkhumba n'chowawa kuposa pamenepo. Chilibe mankhwala, katemera woti mungagule kwa alangizi kulibe, ndipo chikalowa m'khola chimatha kupha pafupifupi nkhumba zonse. Nkhumba imatentha thupi, imasiya kudya, makutu ndi kumimba kumafiira, masiku ochepa yafa. Munthu sadwala chigodola, koma ndiye amachinyamula. Vairasi yake ndi yolimba zedi: imakhala miyezi yambiri m'nyama yaiwisi, youmitsa kapena ya mufiriji, ndipo imayenda pansapato, pamatayala a njinga, pampeni wa wopha nkhumba ndi pachingwe chomangira.

Choncho nkhumba zikhale m'khola nthawi zonse, ngakhale mutakolola. Wogula asalowe m'khola kukasankha, mutulutsireni panja. Khalani ndi nsapato za kukhola kokha. Zotsala za kukhitchini kapena za kumalo odyera ziwiritsidwe mphindi 30 musanapatse nkhumba, ndipo nyama ya nkhumba yogula kwina isayandikire khola lanu, ngakhale madzi oitsukira. Kubwerekana nkhumba yaimuna kuyambe kwaima mukamva kuti m'dera mwagwa matenda. Kumadera monga Mchinji vairasiyi inapezekanso mu nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola, ndiye matani ming'alu, ndipo khola lakale momwe munafera nkhumba musalithamangire kuikamo zina.

Nkhumba ikayamba kufa, mtima umati ndiphe zotsalazi ndigulitse msanga ndipezeko kangachepe. Ndikumvetsa, pakuti nkhumba ija ndi fizi ya mwana ndi thumba la feteleza. Koma nyama imeneyo ikafika pachiwaya cha pamsika, chigodola chafika m'midzi khumi, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Uzani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, kwirirani zakufa m'dzenje lakuya pomwe agalu sangafukule. Boma likaletsa kuyendetsa ziweto, monga zimachitikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, musadutse nazo usiku m'njira zachidule.

Chachisanu ndi chimodzi: nyama yofa yokha ndi mkaka wosawiritsa

Ng'ombe kapena mbuzi imene inali bwinobwino dzulo, lero mwaipeza yafa, yatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaisende. Musaing'ambe ngakhale pofuna kuona chimene chaipha. Zimenezi ndi zizindikiro za anthrax. Bakiteriya wake akakumana ndi mpweya amadzikuta m'chikhokho cholimba n'kugona m'dothi zaka makumi angapo, kudikira chiweto china chodzadya msipu pamalopo. Itanani a vetenale, ndipo poyembekezera tchingirani mtembowo ndi minga kuti agalu asaukhudze.

Matendawa sali kutali nafe. Mu 2011 ku Chama, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, anthu mazana angapo anadwala atasenda ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha. Kumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ndi anthrax mumtsinje wa Shire ku Liwonde National Park. Kwa munthu nthawi zambiri amayamba ngati kachilonda koyabwa padzanja, pamkono kapena pankhope, kenaka pakati pake pamada ngati khala, mozungulira motupa koma mosapweteka kwenikweni. Kusapwetekako kusakunyengeni. Kuchipatala amachiza ndi mankhwala opha mabakiteriya mukafika msanga, ndipo muwauze kuti munagwira nyama yotani.

Mkaka uwiritsidwe, ngakhale umene mukufuna kupanga chambiko. TB ya ng'ombe ndi matenda ochotsetsa bere ng'ombe ndi mbuzi amadutsira mumkaka waiwisi, ndipo mwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza komwe ambiri amangoti malungo. Pothandiza chiweto kubereka, valani magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo zotuluka zonse muzikwirire. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi.

Chachisanu ndi chiwiri: galu akaluma

Ichi ndachisungira kumapeto chifukwa chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Padziko lonse chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse ndi ana. Pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Vairasi yake imakhala m'malovu, imalowera pabala, n'kumakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Ulendowu kawirikawiri umatenga miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina chaka. Bala limapola, banja n'kuiwala. Koma kuchedwa kwakeko ndiko kumapereka mpata woti katemera aitsekereze isanafike, ndipo umu ndi mmene wasayansi wa ku France Louis Pasteur anapulumutsira mnyamata wa zaka 9 mu 1885.

Munthu akalumidwa, kapena kukandidwa, kapena kunyambitidwa pabala ndi galu kapena mphaka wokayikitsa, thamangirani madzi ndi sopo. Tsukani balalo mphindi 15 zathunthu, madzi akuyenderera, wina akuthira wina akupaka sopo. Yang'anani nthawi pafoni, chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene timaganizira mwana akulira. Ngati muli ndi ayodini kapena spiriti pakanipo. Musaikepo tsabola, mchere, zitsamba kapena ubweya wa galuyo, ndipo musamange balalo mothinitsa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati lobayidwa ndi minga. Kulumidwa kumaso, m'khosi ndi m'zala n'koopsa koposa, chifukwa njira yopita ku ubongo ndi yaifupi kapena mitsempha ndi yochuluka. Katemera amabayidwa maulendo angapo pamasiku amene akulembereni, ndipo onsewo akwane. Mukapeza kuti pamalo amene mwapita watha, funsani komwe aliko, mupite. Ngati ndalama yoyendera palibe, bwerekani, gulitsani nkhuku.

Galuyo ngati ndi wodziwika, amangidwe pamalo otetezeka n'kumuyang'anira masiku 10, a vetenale atadziwitsidwa, koma wolumidwayo asadikire masikuwo kuti ayambe katemera. Si galu wachiwewe aliyense amene amalusa. Wina amangofooka, nsagwada ili pululu, dovu likuchucha. Ng'ombe yachiwewe imaoneka ngati yatsamwa, ndipo eni ake amapisa dzanja m'kamwa kufuna kuchotsa chotsamwitsacho. Musatero.

Ana auzidwe kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga ndipo sadzamenyedwa. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa kuti ankaputa galu wa eni.

Chiwewe chimadulidwa bwino kwa galu komweko. Agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, vairasi imasowa kolowera. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ochuluka mu 2015 mogwirizana ndi a zaziweto, ndipo ana ofika ndi chiwewe pachipatala cha Queen Elizabeth anachepa. Mukamva kuti obaya agalu afika pasukulu kapena pabwalo la mfumu, tengani galu wanu, ana ake ndi mphaka yemwe. Ngati agogo oyandikana nanu sangathe kukoka wawo, atengereni, ndipo kapepala kamene akupatseni mukasunge pamodzi ndi mabuku a kuchipatala.